Kukonza ulendo wa geocaching m'tauni yakale ya Tete: njira, manambala ndi pobisa kabokosi

Geocaching ndi masewera ofunafuna chinthu chobisidwa potsatira GPS. Wina amabisa kabokosi kokhala ndi kabuku kosainamo, n'kulemba pa intaneti manambala osonyeza malowo. Ena amatsatira manambalawo ndi foni, ndipo akakapeza amalemba dzina ndi tsiku m'kabukuko n'kukabwezera pomwe anakapeza. Masewerawa anayamba pa 3 Meyi 2000, pamene Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda ku Beavercreek, ku Oregon m'dziko la America, boma la kumeneko litangosiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Lero pa Geocaching.com pali tibokosi toposa 3 miliyoni m'maiko oposa 190.

Mukatsegula mapu a tsambali n'kuyang'ana chigawo chathu cha Tete, mupeza kuti tibokosi n'tochepa kwambiri. Choncho wofuna kusewera kuno ayenera kudziwa kubisa, osati kufuna kokha. Ndipo pali mfundo imodzi imene malangizo onsewa aimapo: m'tauni ya msika, momwe ngodya iliyonse ili ndi mwini wake ndiponso maso ambiri, musamwaze tibokosi m'njira yonse. Bisani kamodzi kokha, kumapeto, pamalo amene mwiniwake wavomera. Malo ena onse a m'njira akhale owerengapo zinthu zimene zilipo kale, monga chaka cholembedwa pakhoma, chiwerengero cha mawindo kapena masitepe. Ulendo wotere umatchedwa multi-cache, ndipo ndi umene ungakhalitse kuno.

Konzani foni musanachoke kunyumba

Foni ya Android kapena iPhone yokhala ndi GPS ndi yokwanira. Pulogalamu ya Geocaching imatsitsidwa ulere, koma kwa wosalipira imaonetsa tibokosi tosavuta tokha. Pa Android palinso c:geo, yaulere, imene imalola kusunga malo ndi kulemba manambala pamanja. Onjezanipo pulogalamu ya mapu osafuna netiweki, monga OsmAnd kapena Organic Maps, ndipo mutsitse mapu a Mozambique muli pa Wi-Fi kapena muli ndi mamega okwanira. GPS payokha sidya mamega, chifukwa imangomvera masetilaiti. Chimene chimadya mamega ndi mapu akamatsitsidwa muli m'njira.

Kenako ikani kalembedwe ka manambala. Geocaching imagwiritsa ntchito madigiri ndi maminiti okhala ndi manambala atatu pambuyo pa kadontho, pa datum ya WGS84 (datum ndi maziko amene manambala a malo amayezedwerapo). Pakati pa mzinda wa Tete pamakhala pafupifupi chonchi: S 16° 09.400 E 033° 35.200. Apa ndi pomwe oyamba kumene amasokera asanayambe n'kuyenda komwe. Mukalemba 16.09400 ndi 33.35200 ngati madigiri okha, foni ikulozani malo ena, makilomita pafupifupi 7 kumpoto ndi 25 kumadzulo. Mukaiwala S n'kusiya N, muvi uloza ku Sudan. Foni yoikidwa m'Chipwitikizi nthawi zina imalemba koma m'malo mwa kadontho, ndipo mapulogalamu ena amakana kapena kuwerenga molakwa, ndiye onetsetsani. Komanso musakopere manambala pa mapu akale a pepala a dziko lino: ambiri anajambulidwa pa datum ina yotchedwa Tete, yomwe sigwirizana ndi WGS84, ndipo ingakuphonyetseni malo ndi mamita ambiri.

Kusankha njira

Tete ndi msika kuyambira kalekale. Amalonda a Chiswahili ankafika kuno Apwitikizi asanakhazikike mu 1531. Golide ankachokera kummwera, m'dziko la Mwenemutapa, pamene minyanga ya njovu ndi makasu achitsulo zinkatsika kuchokera kwa Amaravi, tsidya lakumpoto, komwe kunali ufumu wa Undi. Anthu ogulitsidwa ukapolo anadutsanso pagombe lomweli, ndipo ulendo wofotokoza mbiri ya tauniyi usabise zimenezo. Kuchokera pano Francisco de Lacerda ananyamuka mu 1798 kupita kwa Kazembe, ndipo David Livingstone anafika mu Malichi 1856 akuchokera kumadzulo. Tete inakhala mzinda pa 21 Malichi 1959. Wochokera ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene amangobwera kudzatula mbatatesi ndi kabichi n'kubwerera, akhoza kudutsa malo onsewa zaka zambiri osawayang'ana. Ntchito ya ulendo wanu ndi kumuimika pamalo asanu kapena asanu ndi limodzi kuti ayang'anitsitse.

Njira yabwino ikhale ya makilomita 3 mpaka 4, yozungulira kuti ithere pafupi ndi pomwe inayambira, pamalo opezeka chapa kapena njinga yamoto yahayala. Munthu amayenda makilomita pafupifupi 4 pa ola, ndipo pamalo aliwonse amaima mphindi 10 mpaka 15. Malo asanu ndi limodzi pamodzi ndi kufuna kabokosi ndi maola awiri ndi theka kapena atatu. Musapitirire apo. Tete ili m'chigwa, chokwera mamita osafika 200 poyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene Ulongwe ili pamwamba pa mamita 1,000. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo munthu wozolowera mphepo ya kumapiri amafooka msanga kuposa momwe amaganizira.

Mbali yakale ya mzinda ili tsidya lakummwera kwa Zambezi. Wochokera kumtunda amafika kaye ku Matundo, n'kuwoloka mlatho wa Samora Machel. Mlathowu, womwe unatsegulidwa mu 1973 ndipo anaukonza ndi injiniya Edgar Cardoso, ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo, wautali mamita oposa 700. Ndi malo abwino oyambira chifukwa palibe angausowe, koma funso lake likhale loyankhika munthu ataima patali, m'mbali mwa msewu. Pa mlatho penipeni, monganso pa wa Kassuende wa mu 2014, sipoyenera kubisa kanthu kapena kuzungulirazungulira ndi foni m'manja, chifukwa ndi malo olonderedwa. Malo ena oyenera kulowa m'njira ndi linga lakale la São Tiago Maior chakumtsinje, tchalitchi chakale cha dzina lomwelo, nyumba zakale zamalonda zokhala ndi makonde, zipilala zachikumbutso za m'mabwalo, ndi msika, kaya wa 1º de Maio kapena wa Kwachena.

Yendani njira yonse wapansi kawiri musanalembe chilichonse, tsiku lina m'mawa, lina madzulo. Geti lotsegula m'mawa mwina limatsekedwa masana. Khoma looneka bwino 6 koloko mwina pofika 9 koloko latsekedwa ndi mabenchi a ogulitsa ndi masaka a makala.

Mafunso ndi masamu ake

Malo aliwonse apereke nambala imodzi, kuyambira 0 mpaka 9. Manambala asanu ndi limodziwo ndi amene adzadzaze malo omaliza, motere: S 16° 09.ABC E 033° 35.DEF. Mumayamba ndi kudziwa manambala enieni a pomwe mwabisa, kenako n'kupanga mafunso obweretsa manambalawo. Mwachitsanzo, ngati A ayenera kukhala 4 ndipo mwawerenga nsanja zinayi zonyamula zingwe za mlatho, funso likhala lakuti “nsanja zonyamula zingwe ndi zingati?” Ngati B ayenera kukhala 1 koma khomo lili ndi masitepe 6, lembani kuti B ndi masitepe kuchotsapo 5. Pamwala wolembedwa chaka, nenani momveka kuti mukufuna nambala yachitatu kapena yomaliza.

Dziwani kulemera kwa nambala iliyonse. Kulakwitsa C ndi 1 kumasuntha munthu mamita 1.85 okha, B mamita 18.5, koma A mamita 185. Chakummawa ndi kumadzulo, pano pa Tete, D amasuntha mamita pafupifupi 178. Ndiye funso lomwe anthu angatsutsanepo liikeni pa C kapena F, ndipo A ndi D azichokera pa zinthu zosakayikitsa. Ngati malo omaliza ali chakumtsinje, A wolakwika akhoza kulozera munthu m'bango la m'gombe, momwe muli ng'ona. Lembani poyera patsamba lanu kuti kabokosi sikali m'mphepete mwa madzi, ndipo perekaninso nambala yotsimikizira: kuphatikiza A mpaka F kupereke chakuti. Wopeza chiwerengero china adziwa kuti walakwitsa asanayambe kuyenda.

Funso labwino limakhazikika pa mwala, simenti kapena chitsulo chomangidwira m'khoma. Zolembedwa ndi penti pashopu zimasintha mwini akasintha, ndipo makoma ambiri amapentedwanso ndi makampani otsatsa malonda. Mitengo imadulidwa. Mabenchi a mumsika amasuntha sabata iliyonse, choncho mumsika funsani za chipata, mizati ya shedi kapena thanki yamadzi, osati za malonda. Pewaninso mawu osokoneza. “Mawindo ndi angati?” ndi funso loipa ngati ena anatsekedwa ndi njerwa. Nenani kuti “mawindo a kutsogolo, m'munsi mokha, pamodzi ndi otsekedwa.” Ndipo funso lililonse liyankhike munthu ali pamsewu, osalowa mumpanda wa munthu, osagula kanthu, osasokoneza mapemphero.

Pansi pa funso lililonse lembani ziganizo zitatu kapena zinayi za mbiri ya malowo, zimene mwatsimikiza. Akuluakulu okhala pafupi ndi ansembe a parishi amadziwa zambiri, koma musiyanitse chimene chalembedwa ndi chimene anthu amangosimba. Mumzinda wa Tete anthu ambiri amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndiye tsamba lanu likhale m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, ndipo ngati n'kotheka muikenso Chingerezi cha alendo odutsa popita ku Malawi, Zimbabwe kapena Zambia.

Pobisa, ndi kupempha

Apa m'pofunika kudekha kwambiri. Kuno kwathu munthu wosadziwika akaoneka akulowetsa kabotolo m'ming'alu ya khoma pafupi ndi benchi ya wina, palibe amene angaganize za masewera. Aganiza za mankhwala okokera makasitomala kapena otsekera mnzake malonda, ndipo nkhani yotere imakula msanga, anthu n'kuunjikana. Mantha amenewa si oti muwaseke kapena kuwanyalanyaza. Njira yokha yowapewera ndi yakuti mwini malo adziwe zonse, aone kabokosiko kali kotsegula, agwire kabukuko ndi manja ake, ndipo avomere.

Yambani ndi mwini mpanda kapena woyang'anira malowo, kenako mukadziwitse shefe wa kwarterau ndi sekeretale wa bairo. Mukakonza ulendo wotere ku Ulongwe, Domwe kapena Furancungo, musalumphe anyakwawa ndi amfumu. Popempha, perekani moni mokwanira, khalani pansi ngati akupatsani mpando, ndipo nenani mosazungulira: “Zikomo mayi, tili ndi masewera ophunzitsa achinyamata mbiri ya tauni ino. Tikupempha kusunga kabokosi aka kuseri kwa mpanda wanu, panja. Muli kabuku ndi pensulo basi, onani nokha. Anthu azibwera apo ndi apo, masana okha, kusaina n'kumapita. Tsiku lomwe mudzatope nako, mudzangotiimbira, tidzakachotsa.” Siyani nambala yanu ya foni papepala. Akakana, thokozani n'kufuna pena. Wovomera monyinyirika amadzakataya sabata yomweyo.

Malo abwino ndi amthunzi, okwera kuposa pomwe madzi a mvula amadutsa, ofikika munthu ataima panja pa mpanda, ndiponso pomwe munthu angaime mphindi zisanu osaoneka ngati wakuba. Kuseri kwa mzati wa mpanda wa holo ya mpingo, pansi pa benchi yasimenti m'bwalo la bungwe la achinyamata, kapena pamphanda ya mtengo wa m'munda wa munthu wodziwika ndi zitsanzo zabwino.

Malamulo a Geocaching.com amaletsa kukumba pansi pobisa, kuboola kapena kukhomera misomali pa zinthu za eni, ndi kubisa pafupi ndi masukulu, njanji, mabwalo a ndege, milatho ikuluikulu ndi malo a asilikali. Choncho iwalani za njanji ya malasha ya ku Moatize ndi bwalo la ndege la Chingodzi. Amafunanso kuti kabokosi kanu katalikirane ndi ka wina mamita osachepera 161, koma malo ongowerengapo manambala sawerengedwa pa lamuloli. Kwa ife kuno tiwonjezepo zina. Pa linga ndi pa tchalitchi chakale musasunthe ngakhale mwala umodzi: lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988 limateteza chuma cha chikhalidwe cha dziko lino, komanso makoma akalewo akagumuka sabwerera. Kumanda ndi pafupi ndi dambwe musayandikeko n'komwe. Banki, ATM, polisi ndi malire monga Zóbuè ndi Calómuè muzitalikire. Mlambe umakopa chifukwa cha mphako zake, koma ina ndi yothirirapo nsembe, ndipo mphakozo ndi nyumba za njuchi, njoka ndi zinkhanira.

Kabokosi ndi za m'kati mwake

Sankhani kontena yapulasitiki yolimba, yooneka m'kati, yokhala ndi chivindikiro cha labala ndi zotsekera m'mbali zonse zinayi, ya mamililita 300 mpaka 500. Pa tsambalo imeneyi imalembedwa kuti small, kutanthauza yoyambira mamililita 100 mpaka lita imodzi. Kuonekera m'kati n'kofunika, chifukwa woipeza mwangozi amaona yekha kuti mulibe choopsa. Chitini chachitsulo chimachita dzimbiri mvula ikangoyamba, komanso otola zitsulo zakale amachitenga. Botolo lamadzi kapena la mafuta ophikira ana amalitola kukagulitsa. Kabotolo ka mapiritsi ndi kachidutswa ka paipi kotsekedwa mbali zonse n'zoipitsitsa: china chimaoneka ngati mankhwala, china ngati bomba. Pulasitiki yopyapyala ya majarini ikakhala padzuwa la Tete imauma n'kusweka pakangopita miyezi yochepa.

Kunja matani pepala lokutidwa ndi selotepi yoonekera, lolembedwa zilankhulo ziwiri: “GEOCACHE. Awa ndi masewera, mulibe choopsa, chonde musachotse” ndi “Isto é um jogo, por favor não retirar.” M'kati ikani kabuku kodula pakati kope la sukulu, ka masamba 30 kapena 40, m'kathumba kapulasitiki kotseka ndi zipi. Onjezani mapensulo awiri afupiafupi ndi chosongolera. Bolopeni imauma kapena kutayikira m'kutentha, ndipo inki imafufutika pepala likanyowa, pamene pensulo imalembabe. Patsamba loyamba lembani dzina la ulendowo, manambala a malowo ndi mawu ofotokoza masewerawa mwachidule.

Tinthu tosinthanitsa tikhale totsika mtengo: kiholda, chofufutira, zomata za zithunzi, kagalimoto kawaya kakang'ono. Lamulo lake n'lakuti wotenga kanthu asiye kena kofanana nako mtengo kapena koposa. Chakudya ayi, ngakhale masiwiti, masau ouma kapena malambe, chifukwa nyerere, makoswe ndi mbuzi zimanunkhiza n'kuboola. Sopo wonunkhira amachitanso chimodzimodzi. Machesi, mipeni, malezala ndi mankhwala n'zoletsedwa. Ndalama, ngakhale makobili a metikali imodzi, zimachititsa kuti mbiri ifalikire kwa ana a m'dera lonse. Ndipo musaikemo mikanda, singano, mizu, nthenga kapena kansalu kofiira kapena kakuda, chifukwa zimenezi zikapezeka pamodzi m'kabokosi kobisika, palibe kufotokoza kumene kungathandize.

Kutenga manambala a malo omaliza

Foni yabwino ikakhala poyera imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5. Pafupi ndi makoma ataliatali, pansi pa denga lamalata kapena pa mtengo wa masamba ambiri imaphonya kwambiri, chifukwa mafunde a masetilaiti amagunda pakhoma n'kufika mochedwa. Kuphonya kwanu kukaphatikizana ndi kwa wofunayo, akhoza kuima mamita 10 kuchokera pa kabokosi foni ikumuuza kuti wafika. N'chifukwa chake kuwerenga kamodzi sikokwanira.

Imani pamalopo, foni ili m'manja chagada, ndipo dikirani mphindi ziwiri mpaka nambala yosonyeza kuphonya itsike pa mamita 5 kapena kucheperapo. Lembani manambala m'kope. Chokani mamita 30, bwererani kudzera mbali ina, dikiraninso, lembaninso. Chitani zimenezi kasanu, ndipo kuli bwino zina mutenge tsiku lina, popeza masetilaiti amakhala atasuntha. Tinene kuti manambala atatu omaliza a kummwera atuluka 412, 415, 410, 416 ndi 412. Kuphatikiza ndi 2,065, kugawa ndi 5 ndi 413, ndiye A ndi 4, B ndi 1, C ndi 3. Nambala imodzi ikatalikirana kwambiri ndi zinzake, monga 431, itayeni n'kutenganso ina. Chitani chimodzimodzi ndi za kummawa. Pomaliza lembani manambalawo pa mapu a setilaiti muone ngati kadontho kagwera mbali yoyenera ya mpanda. Pa malo owerengapo manambala simufunika khama lonseli. Kuwerenga kawiri ndi mawu akuti “imani moyang'ana khomo lalikulu” n'zokwanira.

Onjezani chothandizira chachifupi koma choona, monga “mzati wachitatu kuchokera pageti, msinkhu wa m'chiuno.” Chothandizira chabwino chimateteza malo, chifukwa wofuna wosowa chochita ndiye amayamba kugudubuza miyala ndi kuthyola maluwa a eni.

Kuyesa ndi kulembetsa

Perekani pepala la mafunso kwa anthu awiri amene sanakhalepo pokonza, ndipo muwatsatire chapatali osawauza kanthu. Pomwe aima n'kuyamba kutsutsana, funso limenelo likonzedwe. Onaninso nthawi imene atenga. Mungayambe ndi mapepala ofotokopa okha, kusewera ndi gulu la achinyamata a mpingo kapena kalabu ya kusukulu, musanaike pa intaneti. Njira imeneyi imaonetsa zofooka popanda kukhumudwitsa mlendo wochokera kutali.

Polembetsa pa Geocaching.com, tsegulani akaunti yaulere, sankhani multi-cache, ndipo lembani malo oyambira kuti aonekere kwa onse. Malo omaliza mumawalemba obisika, owaona wowunika yekha. Kuvuta kopeza ndi kuvuta kwa njira zimapatsidwa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Ulendo wa m'tauni wa makilomita 3 kapena 4 umakhala pa 2 kapena 2.5 mbali zonse. Wowunika ndi munthu wongodzipereka amene amaona tsamba lanu lisanatsegulidwe kwa onse, ndipo kawirikawiri amayankha m'masiku asanu ndi awiri. M'kalata yopita kwa iye fotokozani mtundu wa kontena, momwe mwaibisira, ndi amene wakupatsani chilolezo. Tsamba lotsatsa shopu, lodyera kapena chipani amalibweza, ndiye musatchule kuti anthu akagule kwa uje. Amafunanso kuti wobisa azikhala pafupi kuti azisamalira, ndiponso kuti kabokosi kakhale miyezi yosachepera itatu. Ngati mumakhala ku Ulongwe, mtunda woposa makilomita 200, pezani mnzanu wa mumzinda woti aziyang'anira ndipo mumutchule m'kalatayo.

Tsiku loyenda

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Miyezi ina yonse nyamukani 6 koloko m'mawa kuti pofika 9 koloko mukhale mutamaliza. Aliyense atenge malita awiri amadzi, chipewa, nsapato zotseka, pensulo yakeyake ndi chiphaso chake, BI kapena pasipoti. Gulu lisapitirire anthu asanu, chifukwa khamu loyang'ana khoma limodzi limaitana khamu lina. Foni imodzi izitsogolera, ina ikhale m'thumba yodzaza moto, kapena mutenge power bank ya 10,000 mAh. GPS pamodzi ndi kuwala kwa sikirini padzuwa zimamaliza batire msanga, ndipo foni ikatentha imadzichepetsa mphamvu kapena kuzima. Iikeni mumthunzi wa thupi lanu, ndipo pakati pa malo ndi malo muzizimitsa sikirini. Mumsika ibwezeni m'thumba lakutsogolo: werengani funso musanalowe, lembani yankho papepala, mudzatulutse foni mutatuluka. Musajambule ogulitsa nsomba za pende ndi chicoa kapena nyama yambuzi musanawapemphe.

Muvi wa kampasi ukamazungulira mosokonekera, gwedezani foni m'mwamba mojambula nambala 8 kangapo, muli kutali ndi magalimoto, mageti achitsulo ndi mapolo amagetsi, popeza chitsulo chimakoka kampasi. Ikakanabe, musadalire muvi. Yendani molunjika masitepe 20 mukuyang'ana nambala ya mtunda: ikamatsika muli m'njira, ikamakwera tembenukani.

Mtunda ukatsika pa mamita 10, foni yatha ntchito yake. Iikeni m'thumba, werenganinso chothandizira, ndipo mufune ndi maso musanafune ndi manja. M'bowo lililonse yambani mwaunika ndi tochi kapena kugogoda ndi kamtengo. Chinkhanira chimakonda malo omwewo amene kabokosi kamakonda, amthunzi ndi ouma. Mukakapeza, musakatsegulire pomwepo. Sunthani masitepe angapo, sainani, tsekani zotsekera zonse zinayi mpaka zilire, ndipo mukabwezere mmene kanalili pamene odutsa sakuyang'ana. Mwini malo akatuluka, mupatseni moni ndi kumuuza kuti mwabwerera masewera aja. Wina aliyense akafunsa, kaya wapolisi kaya mlonda, nenani zoona ndi kumuonetsa tsambalo pafoni. Kunama kuti mwataya kiyi kumangowonjezera chikayiko.

Mukafika kunyumba lembani pa intaneti kuti mwapeza. Ngati simunapeze lembani DNF (kutanthauza “sindinapeze”), osachita manyazi, chifukwa ma DNF awiri kapena atatu otsatizana ndi amene amadziwitsa mwini kuti mwina kabokosi kasowa. Musalembe mayankho a mafunso kapena kuika chithunzi choonetsa pobisikapo.

Kusamalira

Wobisa apiteko kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, komanso mvula yoyamba ikangogwa ndi kumapeto kwa dzinja mu Malichi. Yang'anani labala wa chivindikiro ngati wauma, kabuku ngati kachita chinyezi, ndi chiswe ngati chayamba kumanga njira zake pamzati, chifukwa chikalowa chimamaliza kabuku konse. Kontena yosintha mtundu n'kuyamba kuyera yatsala pang'ono kusweka, isintheni. Yendaninso mafunso onse, osati kabokosi kokha: nyumba ikapentedwa kapena chikwangwani chikachotsedwa, imitsani tsambalo kwakanthawi, konzani funso, kenako mulitsegulenso. Ulendo uliwonse mupite kukapereka moni kwa mwini malo ndi kumufunsa ngati alendo akumuvutitsa, ndipo mlonda akasintha mufotokozereni watsopanoyo kuyambira pachiyambi. Mukasamuka kapena mwini malo akasintha maganizo, kachotseni kabokosiko ndi manja anu tsiku lomwelo, kenako mutseke tsambalo pa intaneti kuti wina asayende ulendo wonse kudzafuna chinthu chomwe palibe.